Mukagonera pa phiri muli ndi botolo la pulasitiki lokha

Nkhungu ya pa phiri la Mulanje sinena odi. Tinkatsika kuchokera ku Sapitwa mwezi wa Julayi, ine, msuweni wanga ndi bambo wina wachikulire wa cha ku Likhubula amene ankatilondolera njira. Cha m'ma 2 koloko masana kunja kunali ngwee, zigwa zonse za kumunsi zikuoneka. Tisanayende n'komwe pataliko, chiperoni chinatikuta moti mnzako akatalikira mapazi khumi umangomumva mawu. Msuweni anaterereka pa thanthwe lonyowa n'kubinya mwendo ndi kudzicheka pa bondo. Kanyumba ka Chisepo sikanali patali kwenikweni, ndipo ine ndinkaumirira kuti timukoke pang'onopang'ono, koma madala aja anangopukusa mutu. "Achimwene, mwendo umenewu ndi nkhungu imeneyi sitikafika. Tigona pompano." Tinalowa kunsi kwa chimwala. Katundu wathu anali mabotolo awiri a Sobo a malita 2, kabotolo kena kakang'ono, kapu yachitsulo, mpeni, machesi, shuga pang'ono ndi zovala zomwe zinali m'thupi.

Zimene ndikulemba pano zina ndinaziona usiku umenewo, zina ndinaziyesa ndekha pakhomo nditabwerako. Pa intaneti pali mavidiyo ambirimbiri a anthu akusandutsa botolo ichi ndi icho, ndipo amakoma kuonera. Koma ku tchire botolo lili ndi ntchito zikuluzikulu ziwiri basi: kukupatsani madzi oti simudwala nawo, ndi kukufunditsani usiku. Zina zonse ndi zapambuyo. N'chifukwa chake lamulo loyamba ndi lakuti ngati botolo muli nalo limodzi lokha, musalidule. Mukalidula kuti mupange sefa kapena mono, madzi mudzanyamulira m'manja?

Musananyamuke kunyumba

Sankhani botolo loyera mbee, loonekera mkati ngati galasi, osati lobiriwira kapena lofiirira. Litembenuzeni muone kumatako kwake: pamakhala kachizindikiro ka makona atatu, ndipo mkati mwake mukhale nambala 1, mwina ndi zilembo za PET. Mabotolo ambiri a madzi ogula ndi a zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi a mtundu umenewu. Lisapitirire malita 2, lisakhale lokalikakalika kapena lochita mbuu ndi ukalamba. Chifukwa chake muchiona tikafika pa zoyanika madzi padzuwa.

Kenaka linunkhizeni. Kwathu kuno botolo silifa msanga: lero munali Frozy, mawa thobwa, mkuja palafini, petulo wa njinga yamoto kapena mankhwala opopera tomato. Botolo limene munalowapo mafuta a galimoto kapena mankhwala a kumunda lisiyeni, ngakhale mutalitsuka ndi sopo kangati, pakuti pulasitiki imamwerera zinthu zimenezi. Lotola m'njira, limene simukudziwa mbiri yake, likhale la ntchito zina osati lomwera.

Tengani aakulu awiri, ndi kachitatu kakang'ono kouma gwaa mkati. M'kakang'onoko ikani machesi pamodzi ndi kachikhwatchiro kake, lezala lokulunga m'pepala, kapepala ndi kapensulo, paketi ya Thanzi, ndi chingwe chopyapyala. Mukatseka bwinobwino, ngakhale mvula ikunyowetseni mpaka kabudula wamkati, machesi adzatuluka ouma. Muponyenso m'thumba chivindikiro china chapadera. Pomaliza, thirani lita imodzi yoyeza bwino m'botolo lalikulu n'kulemba mzere pamene madzi alekeza. Mzere umenewo udzagwira ntchito.

Mukazindikira kuti zinthu zavuta

Imani, khalani pansi, muone madzi amene mwatsala nawo. Anthu ambiri akasochera amathamangira kutsika, ndipo pa Mulanje kutsika mosaona kutsogolo n'kumene kumafikitsa munthu pa phompho. Sapitwa ndi wotalika mamita 3,002, ndipo ukamakwera mamita 1,000 alionse kunja kumazizira ndi madigiri pafupifupi 6. Munthu amachoka pa Chitakale atavala malaya okha, kumtunda n'kukapeza udzu utachita chisanu m'mawa. Mu Julayi 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anapita yekha cha ku Sapitwa, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata. Chinamupha ndi kuzizira.

Madzi amene muli nawo imwani pang'onopang'ono koma muzimwa ndithu. Kuwaumira mpaka mutu kuyamba kuwawa ndi maganizo kusokonekera n'kudzipweteka. Munthu woyenda tsiku lonse amafuna malita 3 kapena kuposa, ngakhale kukuzizira ndipo ludzu silikumveka. Yang'anani mkodzo: ukakhala wochepa ndi wofiirira, thupi lauma.

Kutunga

Pa phiri madzi sasowa kwenikweni, koma ku tchire la kuchigwa, miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, mungapeze kachithaphwi kokha kamene nyama zamwapo. Sankhani oyenda kusiyana ndi odikha, ndipo tungani kumtunda kwa pamene anthu kapena ziweto zimaolokera. Phimbani kukamwa kwa botolo ndi mpango kapena nsonga ya chitenje, mugwire ndi dzanja, n'kumiza botolo kukamwa kutaloza kumene madzi akupita, kuti zinyalala zoyandama zizingodutsa. Pakakhala posaya poti botolo silingamire, lifinyeni kaye kuti mpweya utuluke, muike kukamwa m'madzi, n'kulileka: limayamwa lokha. Mukabwereza kangapo limafika penapake.

Mtsinje ukauma, kumbani mchenga pa khonde lakunja la pokhota, monga amachitira amayi kumudzi chilimwe chikafika pachimake, ndipo dikirani madzi adzadze m'kadzenjeko. Mame nawonso ndi madzi: mangani nsalu m'miyendo, muyende m'udzu m'bandakucha, n'kufinyira m'botolo. Usiku wathu uja madala anangotsamiritsa botolo pamene thanthwe linkadontha ndi chiperoni, n'kulowetsa kansalu kukamwa kwake, nsonga ina itagunda pamwalapo. Madzi ankatsata kansaluko dontho limodzilimodzi, ndipo pofika pakati pa usiku botolo linali litadutsa theka.

Kudikhitsa ndi kusefa

Madzi amatope aimikeni kaye ola limodzi kapena awiri osawagwedeza, kenaka mutsanulire a pamwamba m'botolo lina mosamala. Kumadera kumene kuli chammwamba, sendani njere imodzi kapena ziwiri zouma pa lita iliyonse, muzisinje pamwala zikhale ufa, muthire m'botolo, mukhutchumule kwambiri mphindi imodzi, n'kuliimika. Ufawo umagwira matope n'kutsika nawo pansi.

Sefa ndi ya amene ali ndi botolo lapadera loti akhoza kulidula. Dulani matako ake ndi lezala, ndipo musawataye chifukwa ndi kapu kapena kambale. Litembenuzeni kukamwa kuloze pansi. Tsekani kukhosi ndi kansalu kothinitsa bwino. Pamwamba pa nsaluyo ikani makala a pamoto wanu osinja ngati misere, okwana utali wa chala. Akhale makala akuda ozimitsa bwino, osati phulusa. Pamwamba pa makala ikani mchenga wosalala wotsuka, wochulukirapo kuposa makalawo, ndipo pamwamba penipeni timiyala kuti madzi pothira asakumbe mchenga. Boolani timabowo tiwiri m'mphepete mwa podula paja, mulowetse chingwe, n'kupachika pa nthambi, botolo lomwera lili pansi pake. Madzi oyamba amatuluka akuda ndi fumbi la makala. Abwezereni pamwamba mpaka ayere. Akamatuluka mothamanga ndiye kuti mchenga wachepa kapena sunatsindiridwe. Sefa yabwino imadontha mochedwa mpaka kukutopetsani.

Apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Madzi otuluka m'sefa imeneyi amaoneka oyera ndipo fungo limachepa, koma tizilombo toyambitsa kolera, taifodi ndi kutsegula m'mimba timadutsa mumchenga ngati mmene nyerere imadutsira pa mpanda wa bango. Tonse tikukumbukira kolera ya 2022 mpaka 2023 imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi okhala ndi tizilombo ta kolera akhoza kuoneka oyera ndithu. Kusefa n'kukonzekera chabe. Kupha tizilombo ndi ntchito ina.

Kupha tizilombo

Njira zilipo zitatu, ndipo ndiziika monga mmene ndimazikhulupirira.

Yoyamba ndi kuwiritsa. Ngati muli ndi kapu yachitsulo kapena chitini, wiritsani mpaka madzi abwadamuke kwa mphindi imodzi. Pamwamba pa phiri, mukapitirira mamita 2,000, onjezani zikhale mphindi 3, pakuti kumeneko madzi amawira asanatenthe mokwanira ngati kuchigwa, cha pa madigiri 93. Asiyeni azizire musanawathire m'botolo. Popanda chitsulo chilichonse, botolo lomwelo likhoza kuwiritsa madzi, ngakhale zimamveka ngati bodza. Lidzazeni mpaka m'khosi, chotsani chivindikiro, mulimange m'khosimo ndi chingwe chonyowa kapena waya, n'kulipachika pamwamba pa makala a moto moti malawi azingolinyambita kumatako. Madzi a mkati ndi amene amaliteteza kuti lisasungunuke, ndiye moto ukakhudza pamene palibe madzi paboola nthawi yomweyo. Likwinyika, lida, ndipo madzi ake amanunkha pulasitiki. Ndinayesa kamodzi kuseri kwa nyumba ndipo sindingakonde kumwa madzi otere masiku awiri otsatizana. Ndi za tsiku loti palibiretu kuchitira mwina. Chivindikiro musaiwale kuchotsa: botolo lotseka likakhala pamoto limaphulika ndi madzi otentha kumaso.

Yachiwiri ndi klorini. WaterGuard amene timathira m'ndowa kunyumba, chivindikiro chake chimodzi ndi cha malita 20, choncho botolo la malita 2 likufuna gawo limodzi mwa magawo 10 a chivindikirocho. Musathire mwa "bola achuluke". Tsekani, khutchumulani, mumasule chivindikiro pang'ono kuti madzi atsukenso kukamwa kwa botolo, n'kudikira mphindi 30. M'madzi amatope klorini sagwira bwino, n'chifukwa chake timayamba tadikhitsa.

Yachitatu ndi dzuwa, ndipo apa m'pamene botolo la pulasitiki limaposa poto. Njirayi imatchedwa SODIS. Inayambira pa kafukufuku wa ku American University of Beirut ku Lebanon m'zaka za m'ma 1980, kenaka bungwe la Eawag la ku Switzerland linaiyesa mozama n'kuifalitsa m'mayiko ambiri otentha. Chimene chimapha tizilombo ndi kuwala kwa dzuwa kwa mtundu wa UV kumene kumalowa m'botolo loyera, kuphatikizapo kutentha. Chitani motere. Matulani pepala lonse la pabotolo. Yesani kuyera kwa madzi: imikani botolo lodzadza pamwamba pa pepala mwamatula lija, musuzumire kuchokera kukamwa; zilembo zikuluzikulu zikamawerengeka, madziwo ali bwino, zikapanda kuoneka bwererani ku sefa. Thirani madzi mpaka magawo atatu mwa anayi, mutseke, mukhutchumule masekondi 20 kuti alowe mpweya, n'kudzadzitsa. Kenaka ligonekeni chammbali, osati choimika, pamalo poti sipafika mthunzi tsiku lonse. Kunyumba timagoneka pa malata. Ku tchire funani thanthwe lakuda loyang'ana dzuwa, mulitchinge ndi timiyala lisagubuduke.

Dzuwa likakhala lowala bwino, maola 6 akwana. Mitambo ikaphimba kuposa theka la thambo, pamafunika masiku awiri otsatizana. Tsiku la mvula yosalekeza kapena la chiperoni chenicheni musadalire njirayi. Tcherani madzi a mvulawo. Botolo lalikulu kuposa malita 2 silichita bwino chifukwa kuwala sikufika pakati, ndipo lokalika kapena la mtundu limatchinga kuwalako. Kuona maso a nkhono n'kudekha: amene amatsegula botolo pa ola lachitatu chifukwa latentha amamwa tizilombo tofunda. Mukamaliza imwerani m'botolo momwemo, osatsanulira m'kapu yakuda. Ndipo dziwani kuti dzuwa, klorini ndi moto, zonsezi sizichotsa mankhwala a kumunda kapena mafuta amene alowa m'madzi.

Nanga ngati zonsezi zakanika, ludzu lafika posauzana, pamaso panu pali mfuleni woyenda? Imwani. Matenda a m'mimba amayamba patapita maola kapena masiku ndipo kuchipatala amachiza. Kuuma kwa thupi kumagwetsa munthu lero lomwe.

Usiku

Ichi ndi chimene sindidzaiwala. Madala anasonkhanitsa tinkhuni ta zitsamba timene tinali touma kunsi kwa chimwala, n'kukoleza kamoto kakang'ono koti sikakanafunditsa anthu atatu. Anawiritsa madzi m'kapu. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndithire m'botolo, iwo n'kundigwira. "Ayi achimwene, lipsa limenelo. Yambani ozizira." Ananena zoona. Pulasitiki ya mabotolowa imayamba kufewa pa madigiri pafupifupi 70, ndipo mukathiramo madzi owira limakwinyika m'manja mwanu n'kukutenthani. Yambani mwathira kapu imodzi ya madzi ozizira, kenaka kapu imodzi ya owira, n'kumabwereza chomwecho mpaka lidzadze. Amakhala otentha bwino koma oti dzanja likhoza kupirira. Tsekani zolimba, mulitembenuze muone ngati silikudontha, mulilowetse m'sokosi kapena mulikulunge ndi malaya, n'kuliika mkati mwa juzi.

Liikeni pachifuwa, m'khwapa kapena pamimba, osati kumapazi ngakhale ndiko kumamveka kuzizira kwambiri. Chofunika kufunda ndi pakati pa thupi. Lisagunde khungu mwachindunji, makamaka la munthu amene wachita dzanzi, chifukwa akhoza kupsa osamva. Botolo la malita 2 lokulunga bwino linkatisunga maola awiri kapena atatu, kenaka tinkatenthetsanso madzi omwewo. Pansi yalani udzu, masamba kapena chikwama, pakuti mwala umayamwa kutentha kwa thupi kuposa mphepo. Zovala zonyowa zimene zagunda khungu vulani, mufinye, muvale kunja kwa zouma.

Muziyang'anirana. Munthu akamanjenjemera, thupi likulimbanabe. Akayamba kulankhula ngati woledzera, kulephera kumanga batani, kenaka n'kusiya kunjenjemera n'kumangofuna kugona, zafika poipa: mupatseni mabotolo onse, mumukumbatire, ndipo ngati akutha kumeza bwino mumwetseni madzi ofunda a shuga. Kachasu kapena mowa uliwonse ayi. Umanamiza munthu kuti wafunda pamene ukutulutsa kutentha kunja.

Kuwala nako botolo limathandiza. Yatsani tochi ya foni, muigoneke chagada, muimike botolo la madzi pamwamba pake: kuwala kumamwazika ngati nyali n'kuwalitsa phanga lonse. Koma batire ya foni ndi yoimbira anthu mukapeza netiweki, ndiye yatsani pokhapokha pali chochita, ndipo foniyo izigona m'thumba la mkati chifukwa kuzizira kumamaliza batire.

Bala, maso ndi m'mimba

Chivindikiro chapadera chija chiboolereni kabowo kamodzi pakati, ndi msomali kapena pini yotenthetsa pamoto, ngakhalenso nsonga ya mpeni. Mukachitseka pa botolo la madzi oyera n'kufinya, madzi amatuluka mwamphamvu ngati jakisoni, ndipo amachotsa mchenga ndi zinyalala m'bala kuposa kupukuta ndi nsalu. Musaumire: bala la pa bondo la msuweni linamaliza pafupifupi lita yathunthu. Madzi ake akhale oti mukhoza kumwa. Mukapachika botolo lomwelo pa nthambi mwapanga mpondagiya wa ku tchire wosambira m'manja musanagwire bala kapena chakudya.

Njoka yolavula ikakulavulirani m'maso, chotsani chivindikiro, mupendeketse mutu, muzithira madzi ambiri mofatsa diso lili chitsegulire, kwa mphindi 15 kapena 20, osatikita. Koma njoka ikaluma, botolo lilibe ntchito. Ena amaonetsa kulifinya n'kuliika pa bala kuti liyamwe ululu. Siliyamwa kanthu, mumangotaya nthawi. Osatema mphini, osamanga zothina. Munthuyo agone, mwendo usagwedezeke, ndipo mumunyamule kupita kuchipatala.

Wina akatsegula m'mimba, mzere wa lita imodzi uja ndi umene mukufuna. Thirani madzi oyera mpaka pamzerepo, muthire paketi imodzi yonse ya Thanzi, mukhutchumule, azimwa pang'onopang'ono. Popanda Thanzi, pa lita imodzi thirani timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Mcherewo usapose pamenepo; mukalawa asawawe kuposa misozi. Otsala akagona tsiku lathunthu tayani mupange ena.

Kuti akupezeni

Kukuwa kumatha mawu msanga. Uzirani mopingasa kukamwa kwa botolo lopanda kanthu monga tinkachitira tili ana, limalira ngati lipenga la patali. Kapena limenyeni ndi kamtengo. Lizani katatu, mupume, katatunso, chifukwa katatu ndi chizindikiro chodziwika cha munthu amene ali pamavuto. Kunena zoona, wezulo wa mpira wa pa msika amamveka patali kuposa zonsezi, ndiye mugule. Usiku kuphethiritsa nyali ya botolo ija katatukatatu pamalo oonekera kumathandiza nkhungu ikayera. Ngati mwaganiza zochoka pamene munali, lembani dzina, tsiku, nthawi ndi kumene mwalowera, muike m'kabotolo kouma kaja mutachotsa machesi, n'kukasiya pa mulu wa miyala m'njira.

Botolo lapadera likakhalapo

Kumtunda kwa botolo kukadulidwa pa mapewa ndi fanelo wotcherera mvula yotsika pa jumbo kapena pa lona. Gawo lomwelo mukalitembenuza n'kulilowetsa m'thupi la botolo, kukamwa kutaloza mkati, mwapanga mono. Boolani m'mphepete, musoke zigawo ziwirizo ndi luzi kapena waya, muboolenso timabowo tambiri m'mbali kuti madzi azidutsa. Ikanimo timiyala kuti limire, ndi nyambo ya nsima kapena madeya. Limangeni ku muzu, muligoneke posaya kukamwa kutaloza kumunsi kwa mtsinje, pakuti tinsomba timakonda kusambira mokwera, ndipo mukaone m'mawa. M'mitsinje ya kuchigwa mupezamo matemba angapo kapena nkhanu. M'timifuleni tozizira ta pamwamba pa phiri musayembekezere zambiri. Ziotcheni zipse bwino. Kumene kuli ng'ona, monga m'mbali mwa Shire, musabwerere pa dooko limodzi nthawi yofanana, ndipo m'madzi odikha a nkhono musaimemo chifukwa cha likodzo. Ine mono ndimauika kumapeto dala. Njala ya masiku awiri imapweteka koma sipha munthu, ndipo ambiri osochera amapezeka masiku amenewo asanakwane.

Chingwe ndiye chaphindu kuposa mono. Mukachotsa matako a botolo, yambani kulidula mozungulira ngati mukusenda lalanje, kalamba kake kakhale kopyapyala ngati theka la chikhadabo. Botolo limodzi lalikulu limatulutsa mamita angapo. Ubwino wake ndi wakuti mukamanga mitengo iwiri n'kuyandikiza mfundoyo ku makala a moto, chingwecho chimakwinyika n'kugwira gwaa kuposa luzi. Chimamanga msasa, chimagwira soli ya nsapato ikamatuka. Pomangira timitengo pa mwendo wothyoka, yambani mwakulunga nsalu chifukwa chimacheka khungu, ndipo pamenepo moto usayandikire.

Zimene sindizidalira

Kuyatsa moto ndi botolo la madzi kumatheka. Limafunika loyera, la mapewa obulungira osalala, lodzadza popanda kathovu ka mpweya. Mumalozetsa mapewawo ku dzuwa la pakati pa 10 koloko ndi 2 koloko, n'kumasuntha mpaka kuwala kusonkhane pa kadontho kamodzi pa pepala lakuda kapena lopaka makala. Likayamba kufuka mumaonjeza lina n'kumauzira. Ine zinanditengera masana awiri a mu Okutobala, nditakhala pa mpando, ndili wokhuta. Tsiku limene moto mudzaufunitsitse lidzakhala la nkhungu, manja akunjenjemera. Sungani machesi ouma. Phunziro lenileni la masewerawa ndi lakuti botolo la madzi losiyidwa pa udzu wouma chilimwe likhoza kuyambitsa moto wolusa, ndipo pa Mulanje moto ndi umodzi mwa adani a timitengo ta mkungudza timene anthu akuvutika kubzalanso.

Zoika matope kapena masamba m'botolo lodula kuti dzuwa litulutse nthunzi n'kusanduka madzi, tsiku lonse mupeza masupuni ochepa, osakwana n'thukuta lomwe mwataya pokonza.

Choopsa kwambiri ndi chooloka nacho mtsinje. N'zoona kuti botolo lotseka lopanda kanthu limanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi pa lita iliyonse, ndiye mabotolo anayi a malita 2 omangidwa m'chikwama pachifuwa akhoza kukusungani mutu pamwamba m'madzi odikha. Koma Likhubula, Ruo kapena Thuchila ikadzadza, chimapha si kumira kokha ayi, ndi miyala ndi mitengo imene madziwo amagubuduza. Amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa. Madzi saiwala khwawa, choncho ngakhale pogona musasankhe m'khwawa louma chifukwa choti muli mchenga wofewa. Mitsinje ya m'phiri imadzadza msanga n'kuphweranso msanga mvula ikaleka. Zikani kamtengo pamene madzi alekeza, mukhale pamtunda, muzikaona ola lililonse.

Ife kunatichera cha m'ma 6 koloko, nkhungu itatsikira kuchigwa. Madzi amene anatifunditsa usiku tinawawiritsanso n'kuthiramo shuga wotsala, n'kumwa mosinthana kapu imodzi ija. Msuweni tinamudulira ndodo, ndipo ulendo woti munthu wabwinobwino sangauwerengere unatitengera mpaka dzuwa kutentha. Titafika pa Chisepo mlonda anali atakoleza kale moto. Ndikulongedza chikwama, madala analoza mabotolo a Sobo aja, limodzi litaphwanyika pang'ono m'mbali. "Amenewa mukawatani ku tauni, achimwene? Mayi akunyumba amagulitsa thobwa." Ndinawapatsa onse awiri, ndi chivindikiro choboola chija n'chimene ndinatsala nacho m'thumba.